Akapitawo Makumi Anayi ndi Chitseko Chakumbuyo

"Mwabisa chiyani kumbuyoko?"

"Manja."

"Manja anu anayamba liti kumera mphonje zachikasu? Bwererani, inu bambo. Ndati bwererani! Mukangosuntha phazi, ufa uwu muudya ndi maso."

Ponuthayi anali atawerama pakhomo akujambula maluwa a ufa wa mpunga pansi, monga achitira mkazi aliyense wa ku Melapati dzuwa likamasuzumira. Amuna ake, a Gurusami, anaima kumbuyo kwake mwendo umodzi uli m'mwamba ngati kakowa, nsalu yaulemu yonyezimira itatulukira m'khwapa. Kuseri kwa mpanda kunkawala dazi la mlamu wake wa bwana wa kufakitale, foni ili chire, kudikira kujambula.

"Ponu, tamvera. Ndingokufunditsa m'mapewamu, alamu a bwana ajambule, basi yatha. Sumva kuwawa."

"Nayo mbuzi yansembe ya kukachisi amayamba aiveka maluwa. Amainong'oneza zomwezo, kuti sumva kuwawa."

"Anzako onse akwezedwa. Iwe ukuthawa ulemu ngati mphere."

"Ulemuwo fundani kawiri, muli ndi chifuwa inu. Ndipo inu a dazi kumpandako, mwaponda chitowe changa. Chokani ndisanakuthireni madzi otsukira mbale."

Dazi linamira. A Gurusami anapinda nsalu ija mosamala, n'kutulutsa wenzulo m'thumba n'kuimba kamodzi, kaya pofuna kuopseza ndani. Nkhuku zokha ndizo zinathawa.

Nkhani yake inali iyi. Fakitale ya machesi ya bwana wawo, a Rajamanikam, inali ndi zitseko ziwiri. Chakumaso n'chopapatiza, munthu wonenepa amalowa chammbali. Chakumbuyo chinali ndi loko wamkulu ngati papaya, chifukwa bwana ankati machesi ali ndi miyendo. M'katimo anthu makumi anayi ndi asanu ndi awiri ankakhala pansi tsiku lonse kulonga timitengo m'timabokosi, pakati pa milu ya machesi amene ngakhale ukawayang'ana mwaukali amayaka. Akazi anapempha kuti loko achoke, bwana anaseka. Ndiye anati tipange bungwe la antchito. Lamulo limafuna anthu osachepera asanu ndi awiri, ndipo mkulu wa ku Leba, ofesi ya boma yoona za antchito, analonjeza kudzawawerenga ndi maso ake Lachisanu la sabata yachitatu.

Bwana anafuna kuwachotsa onse, koma mlamu wawo uja, amene analephera mayeso a zamalamulo katatu ndiye amawadziwa katatu, anawagwira mkono.

"Alamu, kuchotsa munthu chifukwa cha bungwe ndi mlandu. Koma munamva kuti wina wamangidwa chifukwa chokweza munthu? Kapitawo si wantchito. Kapitawo ndi bwana wamng'ono, m'bungwe salowa. Akwezeni."

Anayamba Lolemba. Munthu ankaitanidwa, kumufunditsa nsalu yaulemu monga timachitira ndi alendo olemekezeka pa msonkhano, kumujambula, kumudinditsa chala, n'kumupatsa wenzulo, cholembera chofiira ndi mpando wa pulasitiki. Malipiro omwewo, zimenezo musafunse n'komwe. Pofika Lachinayi maudindo enieni anali atatha, mlamu anayamba kungoyang'ana uku ndi uku n'kumatchula chimene waona. Panapezeka Kapitawo wa Tsache, Kapitawo wa Ndowa, Kapitawo wa Nsapato za Pakhomo. Mayi wina wosamva anakhala Kapitawo wa Belu. A Gurusami, amene anatakasa phala lomatira timabokosi zaka makumi awiri ndi ziwiri popanda wowatchula dzina, anapatsidwa udindo woti Kapitawo Woyang'anira Ponuthayi, ndipo analira misozi pamaso pa anthu.

Anthu makumi anayi anafunda. Akazi asanu ndi awiri anakana. Bwana ankangofuna phewa limodzi lokha.

Kuntchito kunasanduka koseketsa agalu. Mipando makumi anayi inazungulira khoma, akazi asanu ndi awiri ali pakati ngati mapira oyanika, akhwangwala atazinga. Ponuthayi akatola kamtengo, mawenzulo atatu ankalira. Akakanda pamutu, amuna ake ankalemba mzere wofiira padzanja lawo, poti pepala sanapatsidwe ndipo kulemba sadziwa.

Machesi anayamba kuchepa. Bwana anatuluka mu ofesi thukuta lili kamukamu.

"Inu nonse mwangokhala? Iwe, pansi apa pali zinyalala, sesa!"

"Bwana," anatero Kapitawo wa Tsache modzichepetsa, "ine ndimayang'anira tsache. Ndi ilo apo. Kuyambira m'mawa silinasunthe."

"Ndiye khalani pansi mulonge machesi!"

"Pansi, bwana? Ndi nsaluyi? Chithunzi changa apongozi anachipachika pafupi ndi cha mulungu. Akamva kuti ndakhala pansi ndikawayang'ana bwanji?"

Bwana anayang'ana mlamu wawo. Mlamu ananong'ona kuti asiyeni, mkulu wa ku Leba akawapeza pansi adzati ndi antchito. Bwana anabwerera mu ofesi.

Asanu ndi awiri aja anayamba kuteteza mapewa awo ngati namwali. Ponuthayi anamangirira lichero kumsana n'kumayenda chammbali ngati nkhanu, msana uli kukhoma. Mnzake wapamtima Sengamalam, mkazi wamasiye wa pakamwa ngati lumo, amene ankasunga pepala la mayina m'bulauzi, ankabwera ndi tambala wake wandewu atamukhazika paphewa. Mlamu anayesa kamodzi, chala chake mpaka lero n'chokhota. Anawatsatira kumpopi, anawatsatira pa basi. Ku maliro a m'bale wa Sengamalam anafika akulira mokweza kuposa amasiye, manja atatambasula kuti amukumbatire, nsalu ili m'malaya. Akazi anamuzindikira ndi mphonje.

Sabata yachiwiri, a Gurusami anayamba kubwera ndi mpando kunyumba atausenza pamutu. Madzulo ena dzuwa likali, anaukhazika pakati pa nyumba n'kuimba wenzulo.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Ponuthayi ali kukhitchini.

"Mpunga."

"Mpunga uli pansi pano pamene umakhala masiku onse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsikani."

"Kapitawo sadyera pansi."

"Ndiye kapitawo ayang'anire mbale. Ndi iyo apo, sinasunthe."

A Gurusami anapirira mpaka fungo la msuzi wa bwemba linawafika m'mphuno. Anatsetsereka pampando pang'onopang'ono ngati phala lotayika, n'kukhala pansi, koma dzanja limodzi linagwirabe mwendo wa mpando kuti udindo usathawe. Anadya mpunga wonse. Atasamba m'manja anati:

"Ponu, bwana anandiitana."

"Akukwezaninso? Tsopano mukhala woyang'anira ine ndi mayi anga omwe?"

"Usaseke. Akuti likafika Lachisanu lija iwe usanafunde, ine ntchito yatha."

"Sangakuchotseni. Ndi mlandu. Mlamu wawo yemwe ananena."

"Ndi mlandu kuchotsa wantchito. Ine si wantchito." Anayang'ana cholembera chofiira chija. "Akuti kapitawo amachotsedwa ngati chipewa. Palibe Leba, palibe bungwe, palibe kufunsa."

Ponuthayi anasiya kupukuta mbale.

"Chikomekome cha mkuyu. Ndinakuuzani ine."

"Unandiuza, inde. Iwe umandiuza zonse, ndiwe wailesi. Koma tandiuzanso ichi: ndani angalembe ntchito nkhalamba ya chifuwa cholira ngati chitseko? Zaka zonsezi utsi wa mankhwala ndaumeza ine. Kwina akangondimva kutsokomola adzati pitani mukafere kwanu." Anasisita mwendo wa mpando. "Komanso, Ponu, mpandowu ndi wabwino. Sindinadziwe kuti msana ungasiye kuwawa."

Ponuthayi anaika mbale pansi. Anawayang'ana amuna akewo, timiyendo ngati timitengo ta machesi tomwe, ndipo mtima unamuwawa. Koma anati:

"Tilipo asanu ndi awiri ndendende, bambo. Ndikachoka ine, dengu lonse lakhuthuka. Mukufuna Sengamalam adzandilavulire?"

"Sengamalam adzakuphikira?"

"Inu munandiphikirapo?"

Anagona atafulatirana, lichero lili kumsana.

Lachitatu la sabata yachitatu, masana dzuwa likuswa mtengo, thireyi ya machesi inagwa m'manja mwa mtsikana wina mwa asanu ndi awiri aja. Inangoti fuu! Lawi linafika kudenga.

Mawenzulo makumi anayi analira nthawi imodzi. Kapitawo wa Belu, poona anzake atupitsa masaya, anaimba belu la chakudya. Onse anathamangira ku chitseko chakumaso aliyense atanyamula mpando wake, pakuti ndani angasiye udindo m'moto? Mipando inakolana miyendo pakhomo, anthu anakolana m'mipando, panalibe wotuluka ngakhale mmodzi.

"Madzi! Ndowa zili kuti?" anakuwa Sengamalam.

"Zonse zilipo, zisanu ndi imodzi!" anayankha Kapitawo wa Ndowa ali pansi pa mulu wa anthu. Zinalipodi. Zinali zouma, chifukwa wotunga madzi anali atakwezedwa.

Ponuthayi anathamangira ku chitseko chakumbuyo. Anachimenya ndi mapewa, anakoka loko mpaka zikhadabo zinathyoka. Utsi unamulowa m'maso. Kumbuyo kwake anamva chifuwa chimene amachidziwa pakati pa zifuwa zonse za m'dziko, chikulira ngati chikung'ambika. Anatembenuka, n'kuvula nsalu yaulemu m'mapewa mwa a Gurusami, n'kutsomphola zina zitatu kwa amene anali pafupi, ndipo iye ndi Sengamalam anaugwera motowo n'kuufunditsa mpaka unazima. Ulemu unagwira ntchito tsiku limenelo. Mkono wa Sengamalam unapsa kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Tambala anatuluka yekha pa mpata wa kudenga, ndipo sanabwererenso.

Mawa lake Ponuthayi analowa mu ofesi ya bwana osagogoda, lichero lili kumsana. A Rajamanikam anali atakhala pansi pa fani akutafuna tambula, masamba ofiiritsa malovu, mlamu ali pambali ngati chithunzithunzi chawo.

"Bwana, dzulo tikanapsa tonse."

"Koma simunapse. Ukuona ubwino wa akapitawo? Anaimba mawenzulo pa nthawi yake." Analavula m'kachitini. "Khala pampando, mayi."

"Ndaima bwino."

"Ponuthayi, ndiwe mkazi wanzeru. Ine sindikumenya, sindikutukwana, ndikungofuna kukulemekeza. Kodi m'dziko muno munthu sangalemekezenso wantchito wake? Sankha wekha udindo. Kapitawo wa Akapitawo. Kapitawo wa amuna ako, uziwalemba ndiwe mizere. Ukufuna mpando wa manja? Alamu, tili ndi wa manja?"

"Tiupeza," anatero mlamu.

Ponuthayi anayang'ana pa khoma pamene panapachikidwa kiyi wakuda wa loko uja pamsomali, pansi pa chithunzi cha malemu bambo a bwana. Anaganiza za mawa. Mkulu wa ku Leba adzalemba mayina, kenako makalata adzapita ku tawuni, kenako misonkhano, kenako tidzaona mwezi wa mawa. Moto sudikira makalata. Anaganizanso za chifuwa chija.

"Ndikufuna chitseko chakumbuyo."

"Chiyani?"

"Kapitawo wa Chitseko Chakumbuyo. Kiyi akhale wanga. Nditsekule pamene ndafuna, nditseke pamene ndafuna. Mulembe papepala, ndipo aphunzitsi a kusukulu andiwerengere ndisanadinde, chifukwa awa ndi dazi lawoli sindiwakhulupirira."

Bwana ndi mlamu anayang'anana. Mlamu anatsinzina diso limodzi pang'ono, Ponuthayi anayesa ndi utsi wa dzulo.

"Alamu," anatero bwana, "bweretsani nsalu yabwino ija."

Lachisanu mkulu wa ku Leba anafika pa njinga yamoto, kamunthu kotopa kokhala ndi chikwama chachikulu kuposa iko. Anaima pakhomo n'kuyang'ana mipando.

"Onsewa ndi akapitawo?"

"Makumi anayi ndi mmodzi," anatero mlamu, akutambasula zithunzi patebulo ngati wogulitsa nsomba.

"Akuyang'anira anthu angati?"

"Ife timakhulupirira kuyang'anira bwino, bwana."

Mkulu uja anapukusa mutu, koma anali ataona zambiri pa moyo wake, ndipo tiyi wa mkaka anali atafika kale ndi mabisiketi. Anati antchito ofuna bungwe aimirire. Sengamalam anaimirira, mkono uli m'nsanza zopaka mafuta. Ena asanu anaimirira. Sengamalam anatembenuka kufuna wachisanu ndi chiwiri, ndipo anamupeza pampando wa manja, nsalu yobiriwira ili m'mapewa, kiyi ali pakhosi.

"Achemwali," anatero Sengamalam. Mawu ake anali aang'ono, osati a masiku onse. "Lichero lija lili kuti?"

"Senga, tamvera. Chimene timafuna chija ndi ichi." Anakweza kiyi. "Lero lomwe. Popanda makalata."

"Timafuna? Munatifunsa? Nkhanga zinapangana kusanapse, achemwali. Ife tapangana, tapsa, inu n'kukapangananso kwina."

"Mmodzi, awiri, atatu," mkulu wa ku Leba anawerenga ndi bisiketi, "anayi, asanu, asanu ndi mmodzi. Palibe wina? Kuchimbudzi kulibe munthu?" Anadikira pang'ono, chifukwa sanali munthu woipa. Kenako anatseka buku, anamaliza tiyi, n'kuliza njinga yake.

Ponuthayi anapita ku chitseko chakumbuyo. Loko anakana, anakana, kenako anavomera. Chitseko chinalira n'kutseguka, ndipo mphepo inalowa ndi fungo la ndowe ndi maluwa a m'munda wa kuseri. Anthu ena anali atagwira ntchito m'menemo zaka makumi awiri osadziwa kuti kuseriko kuli mtengo wa nimu. Akapitawo anaombera m'manja. A Gurusami anapuma mpweya wautali osatsokomola, n'kuuza aliyense kuti mkaziyo ndi wawo, amamuyang'anira ndi iwo. Asanu ndi mmodzi aja sanadzutse mitu. Loweruka chitseko chinakhala chotsekula tsiku lonse, ndipo Ponuthayi anayamba kuganiza kuti mwina Sengamalam adzamukhululukira pofika chikondwerero cha zokolola.

Lolemba anapeza lole pakhomo, anyamata a kampani yobwereketsa zinthu za maukwati akukweza mipando.

"Ikupita kuti?" anafunsa a Gurusami atakumbatira wawo.

"Ku ukwati, achimwene. Inabwerekedwa masabata atatu. Siyani mwendowo."

M'katimo bwana anali ataima pakati, mimba ili patsogolo.

"Akapitawo anga okondedwa, kuyambira lero muziyang'anira muli pansi. Ndipo poti manja azikhala pafupi ndi machesi, azilonga. Amene msana wake sukufuna, achotsedwa ngati chipewa."

Panalibe woimba wenzulo. Anakhala pansi mmodzimmodzi, mawondo akulira, nsalu zili m'mapewa. Kapitawo wa Tsache anatenga tsache.

Dzuwa litakwera, malata anayamba kuwotcha. Sengamalam, osadzutsa mutu, anati:

"Akapitawo a chitseko, kwatentha. Tipatseniko mphepo yanu ija munatigula nayo."

Ponuthayi anadzuka, anatsekula loko, anakoka chitseko. Kutsogolo kwake kunali njerwa. Khoma latsopano, lofiira, lotalika kupitirira chitseko, matope ake akali akuda ndi chinyezi. Pakati pa chitseko ndi khomalo mwina pakanadutsa buluzi wosadya.

Wina anaseka kamodzi n'kudzigwira pakamwa.

"Bwana!" Mawu a Ponuthayi anagwedeza malata. "Ichi n'chiyani?"

Bwana anabwera akutafuna, mlamu ali m'mbuyo ndi pepala.

"Chavuta n'chiyani, mayi kapitawo? Chitseko sichikutseguka?"

"Chatseguka."

"Kiyi wakulanda ndani?"

"Palibe."

"Ndiye pepala lathu lili bwinobwino. Chitseko ndi chako, tsekula, tseka, usiku ndi usana, ine sindilowererapo. Koma bwalo la kuseri ndi langa, ndipo munthu amamanga chimene wafuna pabwalo pake. Amisiri agwira Lamulungu lonse, osapuma, anthu olimbikira. Mphepo ija imanyowetsa machesi."

"Ndime yachitatu," anatero mlamu, ngakhale palibe anamufunsa.

Ponuthayi anaima. Anayang'ana njerwa, anayang'ana anthu makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi ali pansi pakati pa milu ya machesi, anayang'ana kachitseko kakumaso kaja. Anakanikiza chala chake chodindira pa matope a pakati pa njerwa. Chinalowa.

Anamasula loko uja pachitseko, anamugwira ndi manja awiri, n'kumenya njerwa yapakati. Khoma linangoti di.

"Ponu!" analira a Gurusami. "Ponu, ganiza!"

"Ndaganiza Lachinayi, bambo. Taonani zimene zinatuluka."

Anamenyanso. Njerwa inasuntha.

"Mkazi iwe, ukudziwa kuti ndiwe kapitawo?" anakuwa bwana, malovu ofiira akuthothoka. "Ndikhoza kukuchotsa pompano, popanda Leba, popanda kalata!"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndakuchotsa! Tuluka! Tuluka m'fakitale yanga!"

"Ndamva, bwana, ndikutuluka," anatero Ponuthayi, akupukuta thukuta ndi nsalu yaulemu. "Koma nditulukira pa chitseko changa. Mungodikira pang'ono."

Loko anali wamfupi, ankamupweteka zala. Atakweza manja kachitatu anamva chinthu chozizira chikumugunda pachigongono. Unali mtengo wachitsulo wotakasira phala lomatira. Sengamalam anaugwira ndi dzanja lake labwino, nkhope atayang'ana kumbali.

"Sindinakukhululukireni," anatero. "Menyani m'munsi, ndi mmene muli mofewa."